Mmene Midzi Inasiyira Mdulidwe wa Atsikana

Nkhani ya mwezi uno ndi yolemera pakamwa, ndipo ena adzacita nayo manyazi poiwerenga pagulu. Komabe tiyenera kuikamba, cifukwa muli phunziro kwa Mkristu aliyense amene afuna kuona mwambo woipa ukutha pakati pa anthu a kwao. Tidzaona zimene zinacitika ku Kenya ndi ku Senegal. Tidzaona kuti mpingo unayesa ndi cilango, akulu anayesa ndi lamulo, koma zinakanika. Kenaka tidzaona anthu wamba a m'midzi akucita cimene cinakanika akuluakuluwo.

Kodi mwambowu ndi wotani?

M'maiko pafupifupi 30 a mu Africa, Middle East ndi Asia muli mitundu ya anthu imene imadula mbali zina za ziwalo zobisika za mwana wamkazi. Ena amadula mwana akali wakhanda, ena amayembekeza kuti ayandikire kutha msinkhu, koma ambiri amadulidwa asanafike zaka 15. M'madera ena, monga ku Somalia ndi ku Sudan, akadula amasokanso ndi kusiya kampata kakang'ono cabe. Kawirikawiri nchitoyi imagwiridwa ndi amai acikulire, ndi mpeni kapena lumo, popanda mankhwala oletsa ululu.

Madokotala amavomerezana kuti mdulidwewu ulibe phindu lililonse m'thupi. Ana ena amataya magazi mpaka kumwalira. Ena amatenga kafumbata kapena zilonda zimatukusira. Amene apulumuka, ambiri amavutika pokodza ndi pa nthawi yao ya kumwezi, ndipo pobereka moyo wa mai ndi wa mwana umakhala pangozi. Mu 2024 bungwe la UNICEF linalengeza kuti akazi ndi atsikana amoyo amene anadulidwa ndi oposa 230 miliyoni, ndipo 144 miliyoni mwa iwo ali mu Africa.

Tisaganize kuti ndi nkhani ya cipembedzo cimodzi. Amaucita Asilamu ena, Akristu ena, ndi ena otsata cipembedzo ca makolo, ndipo mwambowu unalipo kale Cikristu ndi Cisilamu zisanafike. Baibulo silulamula. Mdulidwe umene Abrahamu anapatsidwa pa Genesis 17 unali wa amuna okha. Nayo Korani siuchula.

Nanga n'cifukwa ciani makolo amalola mwana wao kumva ululu wotere? Yankho lake ndi lodabwitsa: amacita cifukwa comukonda. Kumene mwambowu uli wolimba, mtsikana wosadulidwa amasekedwa, amayesedwa mwana ngakhale atakula, ndipo palibe banja limene limalola mwana wao wamwamuna kumukwatira. Mai amene akana kudulitsa mwana wake ndiye kuti wamupulumutsa ku mpeni koma wamutsekera khomo la banja. Tisunge mfundo imeneyi, pakuti ndiyo mfungulo ya mbiri yonse imene tikambe.

Mpingo uyesa ndi cilango: 1929

Pakati pa Akikuyu a ku Kenya, anyamata ndi atsikana onse anali kulowa mwambo wochedwa irua, umene unali khomo lolowera ku ucikulire. Amishoni a Church of Scotland Mission, motsogozedwa ndi Dr John Arthur, anali ndi zipatala, ndipo anaona ndi maso ao mmene azimai odulidwa anali kuvutikira pobereka. Anaphunzitsa motsutsa mwambowu kwa zaka zambiri. Mu 1929 anaganiza zoumitsa dzanja. Analamula kuti aphunzitsi, akulu a mpingo ndi Akristu ena alonjeze, mwa kusaina kapena kudinda cala, kuti asiya mdulidwe wa atsikana, ndiponso kuti sagwirizana ndi cipani ca Kikuyu Central Association cimene cinali kuteteza mwambowo. Wokana anali kuletsedwa Mgonero wa Ambuye, ndipo aphunzitsi okana anacotsedwa nchito.

Amishoniwa ananena zoona za thupi la munthu, koma sanawerenge bwino mitima ya anthu. Pa nthawiyo Akikuyu anali atalandidwa kale minda yao yaconde ndi atsamunda. Pamene mzungu wina anabwera ndi lamulo lokhudza ana ao akazi, anthu anaona ngati ndi dzanja lomwe lija limene linatenga nthaka, ndipo tsopano lafika m'nyumba. Anapeka nyimbo yochedwa Muthirigu yonyoza amishoni, mafumu ogwirizana ndi boma, ndi atsikana osadulidwa. Nyimboyo inafalikira kwambiri mpaka boma linailetsa. Mu Januwale 1930, mai wina wa mishoni ya Africa Inland Mission, Hulda Stumpf, anapezeka ataphedwa m'nyumba mwake ku Kijabe.

Akristu ambirimbiri anatuluka m'mipingo ya amishoni. Makolo anacotsa ana ao m'masukulu a mishoni namanga ao, ndipo m'menemo munabadwa mabungwe monga Kikuyu Independent Schools Association, pamodzi ndi mipingo yodziimira payokha. Jomo Kenyatta, amene anali mlembi wa cipani cija ndipo pambuyo pake anakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Kenya, anateteza mwambowu m'buku lake la Facing Mount Kenya mu 1938. Cotero mdulidwe, umene unali nkhani ya m'banja, unasanduka cizindikiro ca kukana utsamunda. Amene anafuna kuuzula anauzamitsa mizu.

Akulu ayesa ndi lamulo: 1956

Wina anganene kuti colakwika cinali cakuti lamulo linacokera kwa azungu. Tiyeni tione zimene zinacitika ku Meru, m'dziko lomwelo, patapita zaka 27. Mu Epulo 1956, pa nthawi ya nkhondo ya Mau Mau, bwalo la akulu a Ameru lochedwa Njuri Ncheke linaletsa mdulidwe wa atsikana, boma la atsamunda likulimbikitsa. Akuluwa anali eni dziko, koma onse anali amuna, ndipo sanakhale pansi ndi azimai kapena atsikana amene mwambowo unali m'manja mwao.

Cimene cinacitika palibe anaciyembekeza. Atsikana anagula malezala m'masitolo, napita kuthengo m'magulu, nadulana okhaokha. Mbadwo umenewo unapatsidwa dzina lakuti Ngaitana, kutanthauza kuti "ndidzadzidula ndekha." Katswiri wa mbiri yakale Lynn Thomas anapeza kuti m'zaka zitatu zotsatira, anthu oposa 2,400, atsikana, amuna ndi akazi, anaimbidwa milandu yophwanya lamuloli. Makolo analipira, ena anamangidwa, koma mwambo unapitirira.

Atsikanawa sanali opusa. Anadziwa kuti akulu amene anapanga lamulo sadzawapezera amuna, ndiponso sadzatseka pakamwa anzao owaseka kucitsime. Lamulo linaletsa mpeni, koma linasiya manyazi ali pomwepo.

Mdulidwe wa mau: 1996

Patapita zaka 40, azimai a ku Kenya anayesa njira ina. Bungwe lao la Maendeleo ya Wanawake, mothandizana ndi bungwe la zaumoyo la PATH, linayamba ndi kufunsa makolo cimene anali kufuna pa mwambowu. Anapeza kuti kudula inali mbali imodzi cabe. Makolo anali kufunanso kuti mwana alangizidwe, kuti pakhale phwando ndi mphatso, ndi kuti mudzi wonse uvomereze kuti mwana uja tsopano wakula.

Mu Ogasiti 1996, ku Tharaka, pafupi ndi Meru komwe kuja, atsikana pafupifupi 30 analowa mwambo watsopano wochedwa Ntanira na Mugambo, ndiko kuti mdulidwe wa mau. Anabindikiritsidwa kwa sabata imodzi, nalangizidwa za thupi lao, za ukhondo, za ulemu ndi za kudzisunga. Tsiku lotuluka kunali nyimbo, magule, cakudya ndi mphatso, makolo ndi akulu a mudzi alipo. Zonse za makolo zinacitika, kupatula mpeni wokha. Njira imeneyi inafalikira kumadera ena, ndipo mipingo ina inaitenga ndi kuigwiritsa nchito.

Boma la Kenya linaletsa kudula ana m'lamulo la mu 2001, ndipo mu 2011 linakhazikitsa lamulo lina lamphamvu loletsa mdulidwe wa akazi onse. Kafukufuku wa boma anaonetsa kuti mu 1998 akazi 38 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali odulidwa, koma mu 2022 anali 15 pa 100 alionse. Zinthu zambiri zinathandiza, monga sukulu, zipatala ndi malamulo, koma nchito ya azimai a m'midzi inali pakati pa zonsezi.

Azimai a ku Malicounda Bambara: 1997

Pa nthawi yomweyo, kumadzulo kwa Africa, ku Senegal, kunali kucitika cinthu cina cimene cinaonetsa bwino kwambiri mmene mwambo wotere umathera. Mtundu waukulu wa kumeneko, Awolof, sudula atsikana, koma mitundu ina, monga Abambara, inali kudula.

Mu 1991 mai wina wa ku America, Molly Melching, amene anakhala mu Senegal kuyambira 1974, anayambitsa bungwe lochedwa Tostan. M'Ciwolof mau amenewa amanena za kuswa kwa dzira pamene kamwanapiye kakutuluka. Tostan inali kuphunzitsa akulu m'midzi m'zinenero zao: kuwerenga, masamu, ukhondo, umoyo wa amai ndi ana, ndi ufulu wa munthu aliyense. Aphunzitsi ake sanali kulamula anthu kusiya mwambo uliwonse. Anali kungofotokoza mmene thupi limagwirira nchito, ndi kusiya anthu kuti akambirane.

M'mudzi wa Malicounda Bambara, m'cigawo ca Thiès, azimai atafika pa phunziro la mdulidwe anayamba akhala cete, pakuti inali nkhani yosachula. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kumasuka. Wina anakumbukira mwana amene anataya magazi, wina anakumbukira mavuto ake pobereka. Kale zonsezi anali kuziyesa tsoka kapena mizimu yoipa, koma tsopano anaona gwero lake. Anapanga sewero, nakambirana ndi amuna ao ndi mfumu ya mudzi. Anafunsanso imamu wao, amene anawauza kuti Cisilamu sicikakamiza mwambowu. Pa 31 Julayi 1997, azimai 35, motsogozedwa ndi Maimouna Traoré, anaima pamaso pa atolankhani nalengeza kuti m'mudzi mwao ana akazi sadzadulidwanso.

Mudzi wa Nguerigne Bambara unatsatira caka comweco. Kumeneko mmodzi wa atsogoleri anali Ourèye Sall, amene iye mwini anali wodula, ndipo mwana wake anatsala pang'ono kufa ndi kutaya magazi. Koma midzi ina yozungulira inakwiya. Azimai a ku Malicounda ananyozedwa kuti agulitsa mwambo wa makolo kwa azungu. Zinaoneka ngati za ku Kenya za mu 1929 zibwereranso.

Nkhalamba imene inayenda pansi

Apa ndi pamene panatulukira Demba Diawara, imamu wa mudzi waung'ono wa Keur Simbara, munthu wa zaka zoposa 60. Iye anauza a Tostan kuti njira imene anatenga inali yoperewera. Anafotokoza kuti mudzi umodzi sungasiye wokha, cifukwa ana ake amakwatira ndi kukwatiwa m'midzi ina ya abale ao. Ngati Keur Simbara yokha isiya, ana ake akazi adzakwatiwa ndi yani? Ananenanso kuti nkhaniyi iyenera kukambidwa mwaulemu, popanda mau olaula, ndiponso popanda kuweruza makolo ngati anthu ankhanza.

Diawara anayamba wafunsa akulu anzake a cipembedzo ndi anthu a zaumoyo. Kenaka anacita cinthu cimene amuna a kwao sanali kucita: anakhala pansi ndi azimai a m'banja mwake nawafunsa zimene anakumana nazo. Zimene anamva zinamusintha mtima. Atatero ananyamuka ndi wacibale wake, nayenda m'midzi 10 imene anthu a kwao anali kukwatirana nayo. Pofika pamudzi sanali kulalikira. Anali kupereka moni monga mwa mwambo, kukhala pansi, kumvetsera, kufunsa mafunso, ndi kubweranso tsiku lina. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu Febuluwale 1998, nthumwi za midzi 13, zoimira anthu pafupifupi 8,000, zinasonkhana pa mudzi wa Diabougou. Panali mafumu, maimamu, azimai, amuna ndi acinyamata. Onse pamodzi analonjeza poyera kuti asiya kudula ana ao akazi. Tsiku limenelo mantha a mai aliyense anacepa, cifukwa anamva ndi makutu ake apongozi a mawa a mwana wake akulonjeza cimodzimodzi. M'mwezi wa Juni caka comweco midzi ina 18 ya m'cigawo ca Kolda inacita pangano lake ku Medina Cherif. Mtsogoleri wa dziko, Abdou Diouf, anayamikira poyera azimai a ku Malicounda, ndipo mu Januwale 1999 nyumba ya malamulo inaletsa mwambowu, ndi cilango ca ndende miyezi 6 mpaka zaka 5. Taonani dongosolo lake: anthu anatsogola, lamulo linadza pambuyo. Diawara anapitiriza ulendo wake mpaka anafika m'midzi yoposa 300.

Cinsinsi cake cinali ciani?

Mu 1996, zimenezi zisanacitike, mphunzitsi wina wa pa yunivesite, Gerry Mackie, analemba nkhani yoyerekeza mdulidwe wa atsikana ndi mwambo wakale wa ku China womanga mapazi a ana akazi kuti asakule. Mwambo umenewo unakhala zaka mazana ambiri, ndipo cifukwa cake cinali comweco: wa mapazi akulu sanali kukwatiwa bwino. Koma m'madera ambiri unatha mkati mwa mbadwo umodzi. Cimene cinathandiza kwambiri ndi magulu a makolo amene analonjezana zinthu ziwiri: kuti sadzamanga mapazi a ana ao akazi, ndi kuti sadzalola ana ao amuna kukwatira mkazi womangidwa mapazi. Gulu loyamba lolimbana ndi mwambowo linayamba m'zaka za m'ma 1870 pakati pa azimai acikristu a mumzinda wa Xiamen. Mackie ananeneratu kuti mdulidwe nawo ungathe mwa mapangano otere. Diawara sanawerenge nkhaniyo, koma nzeru za kumudzi zinamufikitsa pa mfundo yomweyo. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Nkhondo sinathe

Tisanamizane kuti zonse zinayenda bwino. Malinga ndi Tostan, midzi yoposa 8,000 m'maiko 8 inapanga mapangano otere, koma si aliyense wa m'midziyo amene anasunga lonjezo. Kafukufuku wa UNICEF wa mu 2008 anapeza kuti m'midzi imene inaphunzira ndi Tostan, ana akazi 30 pa 100 alionse anali odulidwa, pamene m'midzi yofanana nayo imene sinaphunzire anali 69. Kusiyana kwake ndi kwakukulu, komabe 30 si ciwerengero cocepa. M'dziko lonse la Senegal, pakati pa 2005 ndi 2019, ciwerengero ca akazi odulidwa cinangokhala pafupifupi mmodzi mwa anai alionse.

Ku Gambia, dziko loyandikana ndi Senegal, boma linaletsa mdulidwe mu 2015, koma mu 2024 aphungu ena anafuna kufafaniza lamulolo. Azimai, ambiri a iwo odulidwa, anaima nji, ndipo mu Julayi 2024 nyumba ya malamulo inakana kulifafaniza. Izi zitiphunzitsa kuti lamulo limene mitima ya anthu sinalilandire likhoza kugwedezeka nthawi iliyonse. Maiko a mu Africa analonjeza kuthetsa mwambowu m'pangano la ku Maputo la mu 2003, ndipo United Nations inaika caka ca 2030 ngati malire. Tsiku la 6 Febuluwale caka ciliconse ndi lokumbutsana za nkhondo imeneyi.

Nanga ife kuno kwathu?

Kudula kotere si mwambo wa mitundu yathu yambiri muno mu Zambia, ndipo cinamwali cathu sicigwiritsa nchito mpeni pa mtsikana. Lamulo lathu la mu 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limauchula mdulidwewu ngati nkhanza. Koma tisathamangire kuloza anzathu cala. Kafukufuku wa mu 2018 anaonetsa kuti muno mwathu akazi 29 pa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mu 2023 boma linasintha lamulo la ukwati kuti ngakhale ukwati wa cikhalidwe usacitike munthu asanafike zaka 18. Lamulolo ndi labwino. Koma mbiri ya ku Meru itikumbutsa kuti pepala la ku Lusaka palokha silingacotse mantha a kholo limene liopa umphawi, kapena liopa kuti mwana adzatenga mimba ali pakhomo ndipo mudzi udzaseka.

Amishoni a mu 1929 ndi Demba Diawara anafuna cinthu cimodzi. Oyambawo anabwera ndi pepala loti anthu adinde cala, ndipo anatsala ndi mabenci opanda anthu. Winayo anabwera ndi moni ndi makutu, ndipo midzi inamutsata. Pa Macitidwe 15 timawerenga kuti pamene mpingo woyamba unagawanika pa nkhani ya mdulidwe wa amuna, atumwi ndi akulu anasonkhana, namvetserana, nagwirizana cimodzi, natuma anthu kukafotokozera abale pamaso. Ife acinyamata magazi athu ndi otentha, ndipo tikaphunzira pang'ono timafulumira kunena kuti makolo ndi otsalira. Tikatero tidzapambana mkangano koma tidzataya anthu. M'mipingo yathu muli alangizi, muli azimai a cigwirizano, muli akulu amene mafumu amawamvera. Amenewa ndiwo oyenera kukhala nao pansi coyamba.

Mafunso okambirana m'gulu

1. N'cifukwa ciani atsikana a ku Meru anadzidula okha ngakhale lamulo linali lofuna kuwateteza?

2. Kodi Demba Diawara anasiyana bwanji ndi Dr John Arthur pa kacitidwe kao?

3. Chulani mwambo umodzi wa kwanu umene umapweteka atsikana kapena anyamata. Kodi makolo amaopa ciani akaganiza zousiya? Ndi mbali ziti za mwambowo zimene zili zabwino ndipo ziyenera kusungidwa?

4. Ndi mabanja, midzi ndi mipingo iti imene iyenera kukhalapo kuti pangano lousiya likhale lolimba? Ndani m'gulu lanu angayambe kukawaona, ndipo adzapita ndi mkulu uti?

Mukatha kukambirana, pemphererani atsikana amene ali pangozi ya kudulidwa caka cino, ndi amai ao amene afuna kukana koma aopa kukana okha.